Njerwa Zosaotcha: Dothi, Laimu ndi Zinyenyeswa za Miyala

Dothi ndi chomangira chakale kwambiri chimene anthu amachidziwa. Achewa akhala akumanga nalo kuyambira makedzana: nyumba zophoma, nyumba za mdindo, ndiponso nyumba za zidina, zomwe ndi njerwa zoumba n'kuziumitsa padzuwa. Dothi limapezeka paliponse, silifuna ndalama zambiri, ndipo nyumba yake imakhala yozizira bwino ngakhale m'mwezi wotentha wa Okutobala. Koma dothi lili ndi mdani mmodzi wamkulu, ndiye madzi. Chidina chikanyowa chimafewa, ndipo chikakhalitsa m'madzi chimabwerera ku matope amene chinachokera. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula kwa masiku angapo m'chigawo chakummwera kwa Malawi, nyumba zambirimbiri zadothi zinagwa chifukwa makoma ake ananyowa n'kulefuka.

Njira yodziwika yogonjetsera madzi ndiyo kuotcha njerwa. Moto umasandutsa dothi kukhala chinthu cholimba chimene sichisungunukanso. Komabe moto umadya nkhuni, malasha kapena gasi, ndipo umatulutsa utsi. N'chifukwa chake akatswiri a zomangamanga ku London, ku Malawi ndi m'maiko ena akhala akufufuza njira yolimbitsira dothi popanda kuliotcha. Imodzi mwa njirazi ndi kusakaniza dothi ndi laimu pang'ono pamodzi ndi zinyenyeswa za miyala zimene anthu amataya, kenako n'kutsendera zosakanizazo m'makina kuti zikhale mabuloko omangira.

Mtengo wa njerwa yootcha

Aliyense amene anayendako m'misewu ya ku Malawi m'chilimwe anaona mauvuni a njerwa akufuka utsi m'mbali mwa njira ndi m'madambo. Uvuni umodzi umayaka usana ndi usiku kwa masiku angapo, ndipo umafuna zipika zikuluzikulu, makamaka za mitengo yachilengedwe monga tsamba ndi mombo, imene imatenga zaka zambiri kuti ikule. Mitengo ikatha m'phiri, mvula imakokolola nthaka, mitsinje imakwiririka ndi mchenga, ndipo madzi osefukira amafika m'midzi ndi mphamvu yoposa kale. Motero njerwa yomwe inaotchedwa kuti iteteze nyumba ku madzi imathandizanso kuitana madzi omwewo.

Mzinda wa London nawonso ndi mzinda wa njerwa zootcha. M'mwezi wa Seputembala 1666, moto waukulu unapsereza nyumba zoposa 13,000, zambiri mwa izo zamatabwa. Chaka chotsatira kunakhazikitsidwa lamulo lakuti nyumba zatsopano mumzindawo zizimangidwa ndi njerwa kapena miyala. Kuyambira pamenepo oumba njerwa anachuluka m'minda yozungulira mzinda. Njerwa zachikasu zimene zimaoneka m'misewu yakale ya London zinkaumbidwa ndi dothi losakaniza ndi choko komanso phulusa lotoledwa m'makomo a anthu. Choko ndiye amapatsa njerwazo maonekedwe achikasu, ndipo timakala tam'phulusamo tinkathandiza kuti njerwa zipse. Izi zikusonyeza kuti nzeru yogwiritsa ntchito zotayidwa popanga njerwa si yachilendo mumzindawu.

Masiku ano njerwa za ku Britain zimaotchedwa m'mafakitale, kawirikawiri ndi gasi, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 1,000. Simenti imafuna moto woposa pamenepo, madigiri pafupifupi 1,450. Moto wonsewu umatulutsa mpweya wa kaboni dayokisaidi umene ukuchititsa kuti dziko lizitentha. Kupanga simenti kokha kumatulutsa magawo pafupifupi 8 pa magawo 100 alionse a mpweyawu umene anthu amatulutsa padziko lonse. Mu 2019 dziko la United Kingdom linaika m'malamulo ake kuti pofika 2050 lisamaonjezerenso mpweya wotenthetsa dziko mlengalenga. Lonjezo limeneli silingatheke ngati kamangidwe ka nyumba sikasintha.

Zimene zili m'dothi

Kuti munthu amvetse mmene dothi limalimbitsidwira, ayenera kudziwa kaye kuti dothi si chinthu chimodzi. Muli timiyala, muli mchenga, muli nsenyesenye zosalala ngati ufa, ndipo muli dongo. Timiyala ndi mchenga sizimatirana. Munthu akafumbata mchenga wouma n'kutambasula dzanja, umangomwazika. Dongo ndi losiyana. Tizigawo take n'tating'ono kwambiri moti maso sangatione, ndipo n'taphanthiphanthi ngati mamba a nsomba. Tikanyowa timamatirana n'kugwira mchenga pamodzi. Motero m'chidina mchenga uli ngati mafupa, pamene dongo lili ngati minofu yolumikiza mafupawo.

Vuto ndi lakuti dongo limakonda madzi. Likamwa madzi limatupa, likauma limanyala n'kung'ambika. Alimi a m'chigwa cha Shire amadziwa bwino khalidweli chifukwa cha dothi lakuda la makande, lomwe limachita ming'alu yaikulu m'chilimwe koma limanyata n'kumata makasu m'dzinja. Dothi lofiira la katondo la m'zigwa za Lilongwe ndi Kasungu silitupa kwambiri chotero, ndiye chifukwa chake oumba njerwa amalikonda.

Pansi pa mbali yaikulu ya London pali dongo lochuluka lotchedwa London Clay. Linadikha pansi pa nyanja zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo. Likangokumbidwa kumene kuchokera pansi kwambiri limaoneka lotuwa mobiriwira, koma likakhudzana ndi mpweya limasanduka lofiirira. Nalonso limatupa ndi kunyala ngati makande. M'zaka za chilimwe chouma, nyumba zambiri za ku London zimachita ming'alu chifukwa dongo la pansi pa maziko lanyala. Dongo lotere palokha silingapange buloko yabwino. Limafuna chinthu choliweta, ndipo chinthucho ndi laimu.

Kumene laimu amachokera

Laimu amachokera ku mwala. Pali miyala ina yoyera kapena yotuwa imene inapangika kuchokera ku zigoba za tizamoyo ta m'nyanja zakalekale. Choko wa m'mapiri a North Downs kummwera kwa London ndi wa mtundu umenewu. Mwala woyera wa Portland, womwe Christopher Wren anamangira tchalitchi chachikulu cha St Paul's, ulinso m'gulu lomweli. Ku Malawi miyala ya laimu imapezeka m'malo monga mapiri a Chenkumbi m'boma la Balaka ndi ku Changalume m'boma la Zomba.

Mwalawu ukaotchedwa mpaka madigiri pafupifupi 900 umataya mpweya wa kaboni dayokisaidi umene unali m'kati mwake. Chotsalacho chimakhala chopepuka ndiponso chaukali. Chikathiridwa madzi chimatentha, chimatulutsa nthunzi, n'kuphwanyika kukhala ufa woyera. Ufa umenewu ndiye laimu wogulitsidwa m'matumba, yemwe ku Malawi anthu amapakira makoma, ndipo ena amamutcha njereza. Chodabwitsa n'chakuti laimu akakhala pampweya amayamba kumwanso pang'onopang'ono kaboni dayokisaidi uja, n'kubwerera kukhala mwala. Ulendo wake ndi wozungulira: mwala, moto, madzi, mpweya, kenako mwala.

Anthu a ku London anadziwana ndi laimu kalekale. Aroma atamanga linga lozungulira mzindawo cha m'ma 200, analumikiza miyala yochokera ku Kent ndi matope a laimu ndi mchenga. Mbali ina ya lingalo ikadalipo mpaka lero pafupi ndi siteshoni ya Tower Hill. Dera la Limehouse, m'mphepete mwa mtsinje wa Thames, linapatsidwa dzinali chifukwa cha mauvuni ootchera laimu amene analipo m'zaka za m'ma 1300. Laimu anayamba kusiyidwa simenti itatchuka. Joseph Aspdin wa ku Leeds analembetsa simenti yake ya Portland mu 1824, ndipo patapita nthawi amisiri anaikonda chifukwa imauma msanga.

Zimene laimu amachita m'dothi

Laimu akasakanizidwa ndi dothi lonyowa la dongo, pamachitika zinthu zitatu, chilichonse pa nthawi yake.

Choyamba chimachitika m'maola ochepa. Laimu amachititsa kuti tizigawo ta dongo tisiye kukoka madzi ambiri, m'malo mwake tigwirane tokhatokha n'kupanga timibulu. Dongo lomwe linali lonyata ngati phala limasanduka lofumbutuka, losavuta kulisakaniza ndi kulitsendera. Kutupa ndi kunyala kwake kumachepa. Amisiri omanga misewu ndi njanji ku Britain amagwiritsa ntchito nzeru imeneyi akapeza dongo lonyowa: amawaza laimu, makina amagalauza, ndipo malo amene magalimoto akanatitimira amalimba.

Chachiwiri chimatenga masabata ndi miyezi, ndipo ndicho chofunika koposa. Laimu ndi waukali moti amasungunula m'mphepete mwa tizigawo ta dongo. Zosungunukazo zimaphatikana ndi laimu ndi madzi, n'kupanga zomatira zatsopano zofanana ndi zimene zimalimbitsa simenti. Zomatirazi sizisungunuka m'madzi. Zimakula mwakachetechete pakati pa mchenga ndi timiyala mpaka buloko yonse igwirane. Apa ndi pamene pagona chinsinsi: dongo lomwe linali kufooka kwa chidina ndilo limene laimu amalisandutsa mphamvu. Pachifukwa ichi laimu amagwira bwino ntchito m'dothi la dongo lambiri, pamene simenti imayenera dothi la mchenga wambiri.

Chachitatu ndi kumwa mpweya kuja. Laimu wotsala pafupi ndi kunja kwa buloko amamwa kaboni dayokisaidi n'kusanduka mwala. Izi zimathandiza pang'ono, koma zikachitika msanga zimalanda laimu amene akanagwira ntchito ndi dongo. Choncho mabuloko atsopano amafunditsidwa kuti asaume mofulumira.

Laimu wofunika si wambiri. Kawirikawiri pa makilogalamu 100 alionse a dothi pamafunika makilogalamu 5 mpaka 10 a laimu, malinga ndi mtundu wa dothilo.

Ntchito ya zinyenyeswa za miyala

Ngati dothi lili ndi dongo lochuluka kwambiri, laimu payekha sakwanira. Buloko imafunanso mafupa. Kale amisiri ankangothira mchenga wa kumtsinje. Koma mchenga nawo ukutha. Ku Malawi kukumba mchenga kwagumula magombe a mitsinje yambiri, ndipo ku Britain mchenga wina womangira umachita kukokedwa pansi pa nyanja. Apa ndi pamene zinyenyeswa za miyala zimathandiza.

Kulikonse kumene anthu amaswa miyala pamatsala zinyenyeswa. Pa kwale monga wa ku Njuli m'boma la Chiradzulu, makina akamaphwanya mwala kuti ukhale wa konkire, pamatsala fumbi ndi timiyala tating'ono kwambiri. M'malo ochekera miyala ya pamanda, ya pansi pa nyumba kapena ya matebulo a m'khitchini, macheka amatulutsa ufa wosakanizika ndi madzi. Mumzinda ngati London mulinso mtundu wina wa zinyenyeswa: konkire, njerwa ndi miyala ya nyumba zogumulidwa. Zinthu zotsala pomanga, pogumula ndi pokumba zimaposa theka la zotayidwa zonse za ku United Kingdom zikayezedwa kulemera kwake.

Zinyenyeswazi zimagwira ntchito ziwiri. Timiyala tokulirapo timakhala mafupa a buloko. Popeza tinachita kuphwanyidwa, tili ndi ngodya zakuthwa zimene zimakolana, kusiyana ndi mchenga wa kumtsinje umene madzi anausalaza. Fumbi losalala limalowa m'mipata yotsala pakati pa timiyalato. Munthu akadzaza chidebe ndi maungu, m'kati mumatsala mipata yolowa nyemba. Akathira nyemba, mumatsalabe mipata yolowa mapira. Buloko yabwino imapangika chimodzimodzi: zazikulu, zapakati ndi zazing'ono zimadzazana mpaka mipata yolowa madzi itachepa. Komanso mwala sutupa ndipo sunyala, motero buloko yokhala ndi zinyenyeswa sing'ambika kwambiri ikamauma.

Pali kusiyana kofunika kukumbukira. Fumbi la mwala wa laimu wosaotcha limaoneka loyera ngati laimu, koma silingachite zimene laimu amachita, pakuti silinadutse pamoto. Ilo limadzaza mipata, laimu amamata. Chilichonse chili ndi gawo lake, monga akuluakulu amanenera kuti mutu umodzi susenza denga. Zinyenyeswa za njerwa zootcha ndizo zili ndi mwayi wapadera: zikaperedwa kukhala ufa zimagwirizana ndi laimu n'kupanganso zomatira, ndipo Aroma ankaidziwa nzeru imeneyi.

Kapangidwe ka buloko

Ntchito imayamba ndi kusankha dothi. Dothi lakuda la pamwamba, lokhala ndi mizu ndi masamba owola, limaikidwa pambali chifukwa ndi la ulimi, ndiponso zowolazo zimasokoneza laimu. Lofunika ndi la pansi pake. Limaumitsidwa, limaphwanyidwa, n'kusefedwa kuti mibulu ikuluikulu ichoke. Kenako amisiri amayeza dothi, zinyenyeswa ndi laimu, n'kuzisakaniza zili zouma mpaka mtundu wake ukhale umodzi. Madzi amathiridwa pang'ono chabe. Zosakanizazo siziyenera kukhala matope ngati a zidina. Ziyenera kungokhala zachinyezi moti munthu akazifumbata zigwirane koma zisanyowetse dzanja. Ngati dongo ndi lambiri, zimasiyidwa kwa maola angapo kuti laimu aliwete.

Zikatero zimathiridwa m'chikombole chachitsulo cha makina otsendera. Munthu amakoka chitsulo chachitali, ndipo dothi limapanikizidwa mwamphamvu mpaka mpweya wambiri utuluke. Makina oyamba otchuka a mtundu umenewu, otchedwa CINVA-Ram, anapangidwa ndi injiniya Raúl Ramírez mumzinda wa Bogotá ku Colombia m'zaka za m'ma 1950. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, bungwe lofufuza za zomangamanga la Building Research Establishment, lomwe lili ku Garston pafupi ndi Watford, kumpoto kwa London, linapanganso makina ake otchedwa BREPAK, otsendera mwamphamvu koposa. Lero kuli makina amanja ndi a injini, ndipo ena amatulutsa mabuloko okhala ndi mano olowana kuti pomanga pasafunike matope ambiri.

Buloko ikatuluka m'makina imakhala yosalala ndi yangodya zowongoka, koma ikadali yanthete. Imasanjidwa pamthunzi, imafunditsidwa ndi pepala lapulasitiki, ndipo imawazidwa madzi kuti isaume. Mabuloko a simenti amadikira masabata anayi. A laimu amafuna nthawi yotalikirapo, kawirikawiri miyezi iwiri. Wofulumira kumangira buloko yosakhwima amataya zonse, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyengo yofunda imafulumizitsa ntchito ya laimu, pamene kuzizira kumaichedwetsa. Pa mfundo iyi dziko la Malawi lili ndi mwayi woposa London, kumene m'miyezi ya chisanu laimu amagwira ntchito mwaulesi.

Dothi lotsala la ku London

Ku Malawi chosowa ndi mitengo. Ku London vuto ndi kuchuluka kwa dothi lokumbidwa lopanda koliika. Nyumba zazitali zimafuna maziko akuya ndi zipinda zapansi, ndipo sitima zambiri zimayenda m'ngalande za pansi pa nthaka. Pokumba makilomita 42 a ngalande za njanji ya Elizabeth line, yomwe inatsegulidwa mu Meyi 2022, panatuluka matani mamiliyoni a dothi. Matani pafupifupi 3 miliyoni anatumizidwa pa sitima zapamtunda ndi zapamadzi ku chilumba cha Wallasea ku Essex, kumene anakonzera malo okhalamo mbalame za m'madambo. Koma si dothi lonse lokumbidwa mumzindawu limene limapeza ntchito yabwino chotero.

Pafupi ndi King's Cross, m'mphepete mwa ngalande yamadzi ya Regent's Canal, pali nyumba yatsopano yotchedwa Apex, yomwe ndi gawo la malo a Tribeca. Akatswiri ojambula mapulani a Bennetts Associates anaganiza zobwezera dothi la pamalopo m'nyumba yomweyo. Dongo lokumbidwa pa maziko linatengedwa kupita kwa oumba njerwa a H.G. Matthews pafupi ndi Chesham ku Buckinghamshire. Kumeneko linasakanizidwa ndi mchenga ndi mapesi, n'kuumbidwa kukhala mabuloko oposa 10,000 osaotcha. Mabulokowo anabwerera ku London n'kumangira makoma a m'kati mwa zipinda zapansi. Mwana wa Mchewa akawaona angawazindikire msanga, pakuti ndi abale ake a zidina. Anaikidwa m'kati, kumene mvula sifika, ndipo ichi ndi chifukwa chake anatha kumangidwa popanda kuotcha.

Nanga khoma lakunja, lomenyedwa ndi mvula? Akatswiri ena a ku London, a Carmody Groarke, anakumana ndi funso limeneli pokonza mapulani okulitsira nyumba yosungiramo zinthu zaluso ya Design Museum Gent ku Belgium. Mogwirizana ndi anzawo a Local Works Studio a ku England ndi BC Materials a ku Brussels, anapanga njerwa yotuwa yomwe inaonetsedwa mu 2022. Magawo 63 pa magawo 100 alionse a njerwayi ndi zotayidwa za mumzinda wa Gent, makamaka konkire wophwanya ndi magalasi. Zinthuzi zimamatidwa ndi laimu, zimatsenderedwa m'makina, ndipo zimakhwima pamalo achinyezi popanda kuotchedwa. Mpweya woipa wotuluka popanga njerwayi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a wotuluka popanga njerwa yootcha ya m'dzikolo.

Nyumba ziwirizi zikusonyeza mbali ziwiri za nzeru imodzi. Ya ku King's Cross yaonetsa kuti dongo la London likhoza kukhala khoma. Ya ku Gent yaonetsa kuti laimu ndi zinyenyeswa zikhoza kupirira mvula. Ofufuza m'masukulu a ukachenjede akuyesa kuphatikiza zonse zitatu, dothi, laimu ndi zinyenyeswa, kuti apeze muyeso woyenera mtundu uliwonse wa dothi.

Mabuloko a dothi ku Malawi

Ku Malawi mabuloko otsendera si achilendo. Masukulu, zipatala ndi nyumba za aphunzitsi zambiri zamangidwa nawo. Mu 2018 boma, kudzera m'bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la National Construction Industry Council, linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Zaka ziwiri izi zisanachitike, mu 2016, kampani ya simenti ya LafargeHolcim ndi bungwe la boma la Britain la CDC, lomwe likulu lake linali ku London, anakhazikitsa kampani ya 14Trees yopanga mabuloko a dothi otchedwa Durabric. Dzina la kampaniyi linachokera pa chiwerengero chawo chakuti nyumba imodzi yaing'ono yomangidwa ndi mabulokowa imapulumutsa mitengo 14.

Mabuloko ambiri a ku Malawi amalimbitsidwa ndi simenti, osati laimu. Simenti imakhwima msanga ndipo imagulitsidwa m'sitolo zambiri, koma ndi yodula, ndipo sigwirizana bwino ndi dothi la dongo lambiri. M'madera a dothi lotere, laimu wa ku Balaka ndi fumbi la pa kwale wapafupi zikhoza kuchita zimene simenti ikulephera.

Zoyenera kusamala

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Laimu nayenso amadutsa pamoto, ndipo ootcha laimu ang'onoang'ono ku Malawi amagwiritsa ntchito nkhuni. Phindu lagona poti chootchedwa ndi kagawo kakang'ono chabe ka buloko, pamene pa njerwa yootcha moto umayenera kupsereza njerwa yonse. Komanso dothi lililonse liyenera kuyesedwa lisanagwiritsidwe ntchito. Dongo la London nthawi zina limakhala ndi mchere wa mtundu wa salifeti umene ukakumana ndi laimu ndi madzi umatupitsa dothi m'malo molilimbitsa. Laimu amaotchanso khungu ndi maso, choncho amisiri amavala magolovesi, magalasi oteteza ndi zophimba pamphuno, ndipo ana sayenera kumugwira.

Ngakhale buloko yabwino imafuna nyumba yomangidwa mwanzeru. Makolo a Achewa ankamanga nyumba pa guwa lokwera, n'kutulutsa denga kuti lipange khonde kuzungulira nyumba yonse. Guwa linkatchinga madzi oyenda pansi, khonde linkatchinga mvula yomenya khoma. Amisiri a nyumba zadothi ku England amatsatira lamulo lomwelo, la maziko okwera amiyala ndi denga lotambalala. Buloko ya dothi, laimu ndi zinyenyeswa ikakhwima mokwanira, n'kupatsidwa maziko ouma ndi denga lotere, imakhala zaka zambiri, ndipo mitengo imene ikanapsa mu uvuni imakhalabe m'phiri.

Mawu ofunika

Chidina: njerwa youmba n'kuiumitsa padzuwa, yosaotcha.
Mdindo: kamangidwe kotsendera dothi lachinyezi pakati pa matabwa mpaka likhale khoma.
Makande: dothi lakuda lonyata limene limang'ambika likauma.
Katondo: dothi lofiira.
Chikombole: chipangizo choumbiramo njerwa kapena buloko.
Kwale: malo oswerapo miyala, kapenanso miyala yoswedwayo.
Zinyenyeswa: tizidutswa tating'ono totsala chinthu chikaphwanyidwa.
Kutsendera: kupanikiza chinthu kuti chigwirane.

Mafunso

1. Kodi mdani wamkulu wa nyumba yadothi ndi chiyani?
2. Tchulani mavuto awiri amene amadza chifukwa chootcha njerwa.
3. Fotokozani ulendo wa laimu kuchokera ku mwala mpaka kubwereranso ku mwala.
4. N'chifukwa chiyani laimu amagwira bwino ntchito m'dothi la dongo lambiri?
5. Kodi zinyenyeswa za miyala zimagwira ntchito ziti m'buloko?
6. N'chifukwa chiyani mabuloko a nyumba ya Apex anaikidwa m'kati mwa nyumba?
7. Kodi mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha ukugwirizana bwanji ndi kapangidwe ka mabuloko a laimu?

Ntchito yochita m'magulu

Mothandizidwa ndi aphunzitsi, tengani dothi la pansi pa udzu m'munda wa sukulu. Lithireni m'botolo loonekera m'kati mpaka lifike gawo limodzi mwa magawo atatu a botololo. Thirani madzi mpaka botolo litsale pang'ono kudzaza, tsekani, ndipo khutchumulani kwa mphindi ziwiri. Liikeni pamalo osagwedezeka mpaka tsiku lotsatira. Timiyala ndi mchenga zidzadikha pansi, nsenyesenye pakati, ndipo dongo lidzakhala pamwamba. Yezani gawo lililonse ndi rula, jambulani zimene mwaona, ndipo kambiranani ngati dothi la pasukulu panu lingafune laimu kapena simenti. Sambani m'manja mukamaliza.

Ntchito ya kunyumba

Funsani makolo, agogo kapena achibale amene anakulira ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique za nyumba imene anabadwiramo. Inamangidwa ndi chiyani? Ankaiteteza bwanji ku mvula? Lembani ziganizo zisanu m'Chichewa zofotokoza zimene akuuzani.